Functional programming: mafunso ndi mayankho kwa amene akufuna kuphunzira

Mafunso awa ndi a munthu amene analembapo kale pulogalamu mu Python, JavaScript, Java, C# kapena PHP, ndipo wakhala akumva anzake akutchula Haskell, Elixir ndi monad koma sakuona poyambira. Zitsanzo zambiri zili mu Python chifukwa ndi chinenero chimene ophunzira ambiri amachiwerenga mosavuta.

Kodi functional programming n'chiyani kwenikweni?

Ndi kalembedwe ka mapulogalamu komwe ntchito yaikulu imagwiridwa ndi ma function okhala ngati a m'masamu. Mukaipatsa function yotere zinthu zomwezo, imabweza yankho lomwelo nthawi zonse, ndipo sikhudza kanthu kalikonse kamene kali kunja kwake. Imeneyi ndiyo imatchedwa pure function. Taonani izi ziwiri:

```python
def mtengo_ndi_msonkho(mtengo, gawo):
    return mtengo + mtengo * gawo

zonse = 0
def onjezera(mtengo):
    global zonse
    zonse = zonse + mtengo
    return zonse
```

Yoyambayo, muiitane m'mawa kapena usiku, kamodzi kapena kambirimbiri, yankho lake silisintha. Yachiwiriyo mukaipatsa 500 ibweza 500, mukaipatsanso 500 ibweza 1000. Kuti mudziwe chimene ibweze, muyenera kudziwa mbiri yonse ya pulogalamuyo: anaiitanapo kale ndani, kangati, ndipo pali wina amene anagwira `zonse` kwinakwake? Mu pulogalamu ya mizere 30 zimenezi sizivuta. Mu ya mizere 30,000 yolembedwa ndi anthu asanu, apa m'pamene pamachokera mavuto amene amaoneka lero n'kubisala mawa.

Chilichonse chimene function imachita kupatula kubweza yankho chimatchedwa side effect: kusintha variable yakunja, kulemba pa sikirini, kusunga mu database, kutumiza uthenga. Nkhani yonse yagona pa kudziwa kumene zimenezi zikuchitikira ndi kuzisonkhanitsa pamalo ochepa.

Pulogalamu yosasunga kanthu, yosatumiza kanthu, ili ndi ntchito yanji?

Ilibe, ndipo palibe amene akunena kuti side effect ithetsedwe. Chofunika n'kulekanitsa kuganiza ndi kuchita.

Tinene kuti mukulembera sukulu pulogalamu yotumiza ma SMS kwa makolo amene sanamalize fizi. Ambiri timalemba loop imodzi: iwerenge mwana mu database, iwerengetse ngongole, ipange uthenga, iutumize, ilembe kuti watumizidwa. Zonse m'thumba limodzi. Tsiku lofuna kuyesa ngati ngongole ikuwerengetsedwa bwino, mumapezeka kuti simungathe popanda database, ndipo mukangoiwala pang'ono mutumiza uthenga wolakwika kwa kholo lenileni.

Njira inayo ili ndi magawo atatu. Loyamba limangotenga mndandanda wa ana. Lachiwiri ndi pure function imene imalandira mndandandawo pamodzi ndi tsiku la lero, n'kubweza mndandanda wa mauthenga oyenera kutumizidwa, osatumiza ngakhale umodzi. Lachitatu limangotumiza. Nzeru zonse za pulogalamuyo, monga mwana wa basale achotseredwe zingati, amene walipira theka auzidwe chiyani, zili m'gawo lapakati, ndipo mungaliyese maulendo mazanamazana osaononga ma yuniti, intaneti itazimitsidwa. Onani kuti tsiku la lero likuperekedwa kuchokera kunja. Function ikamadziwerengera yokha wotchi ya kompyuta, yankho lake limasintha tsiku ndi tsiku, ndipo simungayese zimene zidzachitike pa 31 December mpaka tsikulo litafika.

Mukagwira mfundo imeneyi yokha, mwatenga gawo lalikulu la phindu lonse la nkhaniyi.

N'chifukwa chiyani amati data isasinthidwe? Sizikuononga memory?

Mlembi wabwino wa banki mkhonde sakufufuta zimene analemba sabata yatha. Membala akabweza ngongole, amalemba mzere watsopano, ndipo pakabuka mkangano aliyense angatsate tsamba ndi tsamba mpaka pamene zinapotokera. Immutability ndi yomweyo: mndandanda ukapangidwa sukhudzidwanso, ndipo wofuna kuonjezera kanthu amalandira mndandanda watsopano, wakale uja ukadali momwe unalili.

Phindu lake limaoneka pamene mbali ziwiri za pulogalamu zagwira chinthu chimodzi. Mu Python, mukapereka mndandanda ku function ina, iyo n'kuchita `.sort()` kapena `.remove()`, wanu uja wasinthanso inu osadziwa. Zimaipiraipira pamene ma thread angapo akulemba pamalo amodzi nthawi imodzi, chifukwa zotsatira zimadalira amene wafika poyamba, ndipo zimenezo zimasintha ulendo uliwonse. Chinthu chosasinthika mungachigawire ma thread 100 popanda loko aliyense.

Za memory, zinenero zopangidwira kalembedwe aka sizikopera zonse. Mndandanda watsopano umagawana mbali zambiri ndi wakale. Mu Haskell, OCaml kapena Erlang, kuika chinthu kutsogolo kwa mndandanda wa zinthu miliyoni kumangopanga kachidutswa kamodzi koloza ku wakale uja. Clojure imasunga ma vector ake ngati mtengo wa nthambi 32 pa mfundo iliyonse, choncho kusintha chinthu chimodzi kumangokopera kanjira kochokera pamwamba kukafika pa chinthucho. Mtengo wake ulipo ndithu, koma si wokopera zonse monga ambiri amaganizira.

Kodi zimenezi ndi zatsopano?

Ayi, n'zakale kuposa kompyuta zimene. M'zaka za m'ma 1930, Alonzo Church wa ku yunivesite ya Princeton anakonza lambda calculus, masamu ofotokoza kuwerengetsa kulikonse pogwiritsa ntchito ma function okhaokha. Alan Turing, amene anachita digiri yake ya udokotala pansi pa Church yemweyo, anaonetsa kuti makina ake ongoganizira aja ndi lambda calculus zili ndi mphamvu yofanana. Mu 1958 John McCarthy anayamba Lisp ku MIT. M'zaka za m'ma 1970 Robin Milner anapanga ML ku Edinburgh, chinenero chimene compiler yake imadzipezera yokha ma type popanda wolemba kuwatchula paliponse. Mu 1977 John Backus, mtsogoleri wa gulu limene linapanga Fortran ku IBM, polandira mphoto ya Turing anadzudzula kalembedwe kosinthasintha ma variable komwe iye mwini anathandiza kufalitsa. Haskell inabadwa pa msonkhano wa ku Portland mu 1987, pamene akatswiri anagwirizana zopanga chinenero chimodzi m'malo moti aliyense azikhala ndi chake, ndipo lipoti lake loyamba linatuluka mu 1990.

Chatsopano n'chakuti zinenero za tsiku ndi tsiku zatengera malingalirowa. C# inalandira LINQ mu 2007, Java 8 inabweretsa lambda ndi ma stream mu 2014, ndipo JavaScript inalandira ma arrow function mu 2015.

Map, filter ndi reduce zikuposa bwanji loop wamba?

Loop imatha kuchita chilichonse, ndipo vuto lake ndi lomwelo: muyenera kuiwerenga yonse kuti mudziwe cholinga chake. `map` imanena chinthu chimodzi, chakuti chinthu chilichonse chisinthidwe mofanana ndipo chiwerengero chikhala chomwecho. `filter` imanena kuti zina zitsala, zina zichoka, koma palibe chisinthidwe. `reduce` imaphatikiza zonse kukhala chinthu chimodzi. Mu JavaScript:

```javascript
const okhoza = ophunzira
  .filter(m => m.malikisi >= 50)
  .map(m => m.dzina);
```

Wowerenga akuona nthawi yomweyo kuti tikufuna maina a amene akhoza. Palibe `i` woti musokoneze poyambira kapena pothera. Izi zimatheka chifukwa function ingaperekedwe kwa function inzake ngati mmene mumaperekera nambala, ndipo luso limeneli ndi loyenera kuliyeserera mpaka litalowa m'magazi.

Mayina amenewa anafika patali. Mu 2004 Jeffrey Dean ndi Sanjay Ghemawat a ku Google anafotokoza MapReduce, njira yogawira ntchito ku makompyuta zikwizikwi. Imatheka chifukwa gawo la map silidalira zimene gawo linzake likuchita.

Pa `reduce` ndikuchenjezeni. Imavuta kuwerenga ikangotalika pang'ono. Python inali nayo kuyambira 1994, koma mu Python 3 ya 2008 anaisamutsira mu `functools`, chifukwa Guido van Rossum ankaona kuti kawirikawiri loop imamveka bwino kuposa iyo. Pamene pali `sum`, `max` kapena `any`, gwiritsani zimenezo. Ndipo mu Python, list comprehension, imene anaitengera ku Haskell, nthawi zambiri imaoneka bwino kuposa `map` yokhala ndi `lambda`.

Ndiyenera kulemba recursion paliponse?

Ayi. M'zinenero zopanda loop monga Haskell ndi Erlang, function yodziitana yokha ndiyo imalowa m'malo mwake, koma ngakhale kumeneko odziwa amayamba ayang'ana ngati `map` kapena `fold` (dzina lina la `reduce`) ingagwire ntchitoyo. Recursion imakoma pa zinthu za nthambi: mafoda okhala m'mafoda, JSON yolowerana, ndemanga zoyankha ndemanga zinzake.

Samalani ndi chinenero chanu. Scheme (ya m'banja la Lisp), Erlang ndi OCaml zimasandutsa kudziitana kwa kumapeto kwa function kukhala ngati loop, choncho sizidzaza stack. Python sichita zimenezo, ndipo mwachizolowezi imaima ikafika pafupifupi pa 1000. Java nayonso sichita.

Ndisiye Python kapena JavaScript kuti ndiphunzire zimenezi?

Musasiye. Yambirani momwemo. JavaScript ili ndi magazi a Scheme: Brendan Eich anapita ku Netscape mu 1995 atauzidwa kuti akaika Scheme mu browser, ndipo ngakhale chinenerocho chinavala maonekedwe a Java, ma function ake anatsalabe ndi khalidwe lija. Ngati mumalemba React, mukudziwa kale lamulo loti state isasinthidwe mwachindunji. Ngati mumalemba ma formula mu Excel, mwakhala mukuchita functional programming kwa zaka: selo limawerengetsa yankho lake kuchokera ku maselo ena ndipo silingalembe m'selo la mnzake. Kumapeto kwa 2020 Microsoft inalengezanso LAMBDA, yolola munthu kupanga function yakeyake mu formula.

Komabe pali malire. Mu Python zinthu zikavuta, dzanja limathamangira lokha ku variable yosinthika, ndipo palibe chokuletsani. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti mukazolowera zoyambazi, mukhale miyezi ingapo m'chinenero chimene chimakana njira yachidule ija. Mukabwerera ku Python, khodi yanu imakhala itasintha.

Nanga Haskell, OCaml, F#, Scala, Clojure, Erlang ndi Elixir zimasiyana pati?

Poyerekeza zinenero, funso lakuti "chabwino n'chiti" silithandiza. Funsani kuti chinenerocho chimagwira zolakwika ziti pulogalamu isanayambe kuyenda, chimakuletsani chiyani, ndipo chimayenda pamodzi ndi zida ziti zimene anthu analemba kale.

Haskell ndiyo youma mtima kwambiri. Function imene imakhudza zakunja iyenera kuonetsa zimenezo mu type yake: `getLine` ndi `IO String`, osati `String`, ndipo compiler sikulolani kusakaniza ziwirizi mwangozi. Ilinso ya lazy, kutanthauza kuti siwerengetsa kanthu mpaka katafunika, motero `take 5 [1..]` imatenga manambala asanu oyamba pa mndandanda wopanda mapeto n'kuima. Zimenezi n'zokongola, koma zimavutitsa pofuna kudziwa kuti memory ikuthera pati, chifukwa ntchito zosawerengetsedwa zimatha kuunjikana mwakachetechete. Pulogalamu yotchuka yosinthira mitundu ya zolemba, Pandoc ya John MacFarlane, inalembedwa mu Haskell, ndipo Facebook inalembanso mu Haskell makina ake olimbana ndi spam otchedwa Sigma.

OCaml, yochokera ku INRIA ku France mu 1996, ndi mdzukulu wa ML. Ma type ake ndi olimba, koma imawerengetsa zinthu nthawi yomweyo ndipo imakulolani loop ndi variable yosinthika mukazifuna. Compiler yake ndi yachangu. Kampani ya zamalonda a ndalama ya Jane Street ku New York imalemba pafupifupi zonse mu OCaml, ndipo compiler yoyamba ya Rust inalembedwa mu OCaml. F# ya Don Syme, yochokera ku Microsoft Research ku Cambridge, ndi m'bale wake wapafupi woyenda pa .NET. Kwa munthu wa C#, palibe khomo lapafupi kuposa limeneli, chifukwa ma library onse amene mumawadziwa akugwirabe ntchito.

Scala ya Martin Odersky wa ku Lausanne inatuluka mu 2004, imayenda pa JVM, makina omwe Java imayendera, ndipo imaphatikiza ma object ndi ma function. Apache Spark inalembedwa mu Scala, choncho a ntchito za data yochuluka amakumana nayo. Sindiilimbikitsa ngati chinenero choyamba pa nkhaniyi, chifukwa ndi yotakata kwambiri moti mungalembe Java yovala malaya ena n'kumaganiza kuti mwaphunzira. Clojure ya Rich Hickey, ya 2007, nayonso ili pa JVM, koma ndi Lisp: ma type saunikidwa pasadakhale, pamene data yake ndi yosasinthika kuyambira pachiyambi. Banki ya pa foni ya Nubank ku Brazil inamangidwa pa Clojure.

Erlang ili ndi mbiri yosiyana ndi zonsezi. Sinachokere ku masamu koma ku matelefoni. Joe Armstrong, Robert Virding ndi Mike Williams anaiyamba ku Ericsson ku Sweden mu 1986, pofuna makina olumikiza mafoni amene sayenera kuzima. Pulogalamu ya Erlang imakhala timagulu tating'onoting'ono tambirimbiri totchedwa ma process, tosagawana memory, tongotumizirana mauthenga. Kamodzi kakagwa, kena koyang'anira kamakadzutsanso, ena onse akupitiriza. Uthenga uliwonse wa pa WhatsApp umene mumatumiza umadutsa m'ma seva oyendera Erlang, ndipo pamene Facebook inkagula kampaniyo mu 2014, inali ndi ogwiritsa ntchito opitirira 450 miliyoni pomwe antchito ake onse sankakwana 100. Elixir ya José Valim wa ku Brazil imayenda pa makina omwewo a Erlang otchedwa BEAM, ndi kalembedwe kofewa kwa munthu wochokera ku Ruby kapena Python. Discord imaigwiritsa ntchito.

Mukandifunsa ine: wolemba mawebusayiti amene akufuna kumanga chinthu chenicheni msanga atenge Elixir ndi Phoenix, chida chake chomangira mawebusayiti. Wa C# atenge F#. Wofuna kuti maganizo ake asinthe mpaka pansi apirire ndi Haskell, kapena OCaml ngati Haskell yamulemera.

Ma type olimbawa amathandiza chiyani chimene sindingachipeze poyesa pulogalamu?

Chitsanzo chomveka ndi null. Tony Hoare, amene anaiika mu ALGOL W mu 1965, ananena poyera mu 2009 kuti chinali cholakwika chimene chaonongetsa ndalama zankhaninkhani. Mu Java kapena PHP, function yofufuza wophunzira ndi nambala yake imatha kubweza null, ndipo palibe chimene chimakukumbutsani kuti muone kaye. Mu Haskell imabweza `Maybe Wophunzira`, mu OCaml ndi F# `option`, ndipo simungatenge dzina la wophunzirayo musananene chochita akasowa. Kuyesa kumagwira zimene munaziganizira. Compiler imakukumbutsani zimene munaiwala.

Chimodzimodzi mukafotokoza kuti malipiro ali m'mitundu itatu, kashi, banki ndi foni. Tsiku loonjezera wachinayi, compiler ingakulozereni malo onse amene simunauganizire. Rust, Swift ndi Kotlin zinatengera zambiri mwa zimenezi.

Monad n'chiyani? Ndiyenera kuidziwa?

Osati poyamba. A Elixir ndi Clojure amagwira ntchito zaka osaitchula. Mu Haskell mudzakumana nayo, ndipo njira yabwino n'kuigwiritsa ntchito musanafune tanthauzo lake.

Mwachidule, ndi njira yolumikizira masitepe amene lililonse lili ndi kena kapadera. Pezani wophunzira, kenako kholo lake, kenako nambala ya foni ya khololo: sitepe iliyonse ingalephere. M'malo molemba `if` katatu, monad ya `Maybe` imalumikiza atatuwo, ndipo limodzi likasowa, zonse zimabweza kusowa. `?.` ya mu JavaScript ndi Kotlin imachita zofanana pa nkhani imeneyi yokha. Monad ndi dongosolo lomwelo litatambasulidwa kuti ligwirenso ntchito pa zolakwika, pa mindandanda ndi pa IO. Eugenio Moggi ndiye anailumikiza ndi mapulogalamu kuchokera ku masamu, Philip Wadler anaonetsa kagwiritsidwe kake, ndipo Haskell inaitenga ngati njira yake ya IO mu 1996. Lembani mapulogalamu angapo ndi `Maybe`, `Either` (ya zolakwika) ndi `IO` payekhapayekha, kufanana kwake mudzakuona nokha.

Kodi mapulogalamu otere sachedwa?

Haskell ndi OCaml zimasandulizidwa kukhala khodi ya makina ndipo pa kuwerengetsa zimathamanga kwambiri kuposa Python. Pa ntchito zofuna kufinya dontho lililonse la liwiro, monga masewera akuluakulu kapena tizipangizo ta memory yochepa, C, C++ ndi Rust zikadali patsogolo. Erlang si yachangu pa masamu olemera, mphamvu yake ili pa kusamalira anthu ambiri nthawi imodzi. Pa pulogalamu wamba ya ofesi, nthawi yambiri imathera podikira database ndi netiweki, osati pa `map`.

Ndiye kuti object-oriented programming ndi yolakwika?

Ayi. Object yosasinthika yokhala ndi ma method obweza object yatsopano ikutsata mfundo zonse ziwiri. `String` ya Java yakhala yotero kuyambira kale, ndipo ma record amene anakhazikika mu Java 16 akulowera komweko. Chovuta si class, koma data imene aliyense angaisinthe kuchokera kulikonse.

Ntchito zilipo?

Kunena zoona, zotsatsa ntchito zofuna Haskell, OCaml kapena Clojure n'zochepa kulikonse poyerekeza ndi za JavaScript, Java, Python, PHP ndi C#, ndipo zambiri zimafuna munthu wodziwa kale. Ngati mukufuna ntchito yoyamba, limbikirani chinenero chimene olemba ntchito akuchifuna kumene muli. Phindu la msanga la functional programming lili m'khodi imene mukulemba kale: ya React, ya ma stream a Java, ya Kotlin pa Android, ya Spark. Pa mayeso a ntchito, munthu amene khodi yake imayeseka mosavuta amaoneka.

Laputopu yanga ndi yakale ndipo bandulo ndi yodula. Ndiyambire pati?

GHC, compiler ya Haskell, imadya malo opitirira gigabyte imodzi, ndipo ma library ake amatenga nthawi kumanga pa makina ofooka. Ikokeni tsiku limene mwapeza Wi-Fi. Racket, ya m'banja la Scheme, imabwera ndi DrRacket pamodzi ndi malangizo ake owerengeka popanda intaneti, ndipo inapangidwira kuphunzitsa. JavaScript ili kale mu browser yanu, simufunika kukoka kanthu.

Pa ntchito yoyamba, musayambe pulogalamu yatsopano. Tsegulani yakale imene munalemba nokha, pezani function yaitali kwambiri, ndipo ikani chizindikiro pa mzere uliwonse umene ukuwerenga kapena kulemba kunja: database, fayilo, `print`, wotchi, variable ya global. Sunthani mizere yowerenga ipite pamwamba, yolemba ipite pansi. Zotsala pakatizo zichotseni zikhale function payokha yolandira zonse zimene ikufuna, kenako ilembereni mayeso asanu, kuphatikizapo la mndandanda wopanda kanthu ndi la nambala yochepera ziro.